Lipoti la msonkhano wa za kuchepetsa thupi, kwa mamembala a gulu lathu la zaumoyo

Atcheya, akomiti ndi mamembala nonse, ndabwerako bwino. Malisiti a mayendedwe ndi malo ogona ndapereka kwa asungichuma, ndiye amene ankanong'ona kuti ndikungokadya alawansi apite akawaone okha.

M'mawa wonse woyamba unathera m'malonje ndi zoyankhula za akuluakulu. Chomwe ndinatolapo n'chakuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Gawo la kawerengedwe ka BMI, muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, linali la tulo.

Chimene chinandigwira mtima ndi kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anthu omwe shuga wawo anali atayamba kukwera anapatsidwa cholinga chochepetsa thupi ndi 7 peresenti yokha, podya mafuta ochepa ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, pomwe kwa omwa mankhwala a shuga otchedwa metformin chinatsika ndi 31. Munthu wa makilo 90 akungofunika kutaya makilo 6, basi. Nanga ife timazunzikiranji ndi kugona ndi njala, kufuna kubwerera thupi la pa unyamata?

Kenako aliyense anapatsidwa chingwe. Umayeza kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kuchipinda pawiri, n'kuchizunguliza pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikapanda kukumana, ndiye kuti mafuta a m'mimba achuluka. Mukanaona abambo a masuti akukokera mimba m'kati, mpweya ataugwira, maso ali tong'o!

Msonkhano unamanga mfundo yoti magulu aziyeza mamembala pa sikelo mwezi ndi mwezi. Ine dzanja ndinakweza monyinyirika. Kulengeza makilo a munthu pagulu kumathawitsa omwe akufunika thandizo kwambiri, ndipo kwathu kuno tiyeza ndi chiyani? Sikelo ija tinasonkherana inapita kunyumba kwa munthu wina, ndipo tikafunsa timauzidwa kuti ilibe mabatire. Atcheya, nkhaniyi sinathe ayi.

Za zakumwa zoziziritsa kukhosi pa misonkhano yathu ndinanena kale kuti tizisiye, munandiyankha kuti anthu sangabwerere madzi. Kachitini kamodzi ka 330 ml ka kola kamakhala ndi shuga wokwana magalamu 35. Ndikupempha kuti pokumana kwathu kotsatira tivote pa nkhaniyi, ndipo aliyense abwere ndi chingwe chake.