Chimbuya chisathere pa paudala

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za zomwe ndikuona pa maliro muno mu Lusaka. Ife a kum'mawa ndi anzathu Abemba tili pa chimbuya. Makolo athu, Angoni ndi Abemba, adamenyana nkhondo kalekale, nkhondozo zitatha chidani chidasanduka nthabwala. N'chifukwa chake Mubemba amanditcha wodya mbewa, ine n'kumubwezera kuti wodya anyani, tonse n'kufa nazo nseko. Koma chimbuya chidali ndi ntchito yake. Pa maliro mbuya, mnzako wa pa chimbuya, ndiye ankawaza nkhuni, kutunga madzi, kuphika, ndi kuseketsa ofedwa mpaka alaweko nsima.

Lero pitani ku manda a Chingwere kapena ku Leopards Hill mukaone. Bokosi lisanatsike n'komwe, wina wakuthirani kale paudala kumutu, dzanja lili patsogolo kufuna K20. Mukamufunsa dzina la malemu, sakulidziwa. Pa matenda sadapondeko, ndipo kunyumba ya maliro sakhudza ngakhale mbale imodzi yakuda. Ndalamazo zimathera kumowa.

Ine ndimagulitsa nyemba ndi nsawawa za ku Katete pa Soweto Market. Pafupi nane pamakhala mayi wina wa ku Kasama, wogulitsa kapenta wa ku Mpulungu. Pakamwa pake m'poopsa, tsiku silipita asanandinyoze. Mu Januwale 2024, kolera itavuta mpaka boma n'kusandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, sukulu n'kukhala zotseka, mwana wanga wamwamuna adatengeredwa kumeneko. Achibale sitinkaloledwa kulowa. Tinkangoima panja kudikira kumva ngati munthu wako akadali moyo. Ku Chawama kwathu anthu ankalambalala khomo langa, ndipo sindiwaimba mlandu, matendawo ankaopsa. Anzanga a pa WhatsApp adatumiza timanja topemphera.

Mayi uja adafika m'mawa ndi chidebe, burashi ndi botolo la klorini. Adamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kukwecha chimbudzi changa, uku akulalata: "Inu a kum'mawa, ndimakuuzani musiye mbewa, simumva!" Ndidaseka misozi ili m'maso. Masiku onse amene ndinkachezera pa stediyamu, iye ankagulitsa nyemba zanga pamodzi ndi kapenta wake, ndalama zanga n'kumazimanga padera m'kapepala, ndiponso adandiponyera chilimba, ndalama zimene timasonkha n'kumalandira mosinthana, kuti ndisatuluke m'gulu. Nditamuuza kuti ndikufuna kukatenga kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, adandikalipira pamaso pa anthu: "Ukatenga, firiji yako ipita, ndiye usadzandilirire." Sindidatenge. Mwana adachira, pano ali pa sukulu.

Ameneyu akadzandithira paudala tsiku lina, ngakhale ufa wa thumba lonse, ndidzaweramitsa mutu, chifukwa adaugwirira ntchito. Amene ndikukana ndi awa ongotulukira kumanda atanyamula botolo la paudala ngati akupita ku bizinesi.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a mipingo ndi a makomiti a maliro m'makomboni mwathu, ku Chawama, Kanyama, Matero ndi Mtendere komwe. Ndalama zimene ambuya asonkhetsa ziziwerengedwa poyera n'kuperekedwa kwa wamasiye, zikagule makala ndi ndiwo. Ndipo wofuna kuthira anthu paudala ayambe waonekera ku chitsime ndi pa moto usiku wa maliro.

Mayi wa nyemba,
Chawama, Lusaka