Kalata kwa Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete: za boti lonyamula odwala pa nyanja ya Cahora Bassa

Olemekezeka a Bwanamkubwa,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ine ndine makaniko wa maboti. Kwathu kwenikweni ndi ku Angónia, koma ukulu wanga wonse ndaudyera m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, manja ali bii ndi girizi. Ndalemba chifukwa cha abale athu a ku Zumbo, Marávia ndi Mágoè, amene nthawi ya dzinja misewu ikaipa amadalira madzi kuti afike kuchipatala. Nyanjayi, imene idabwera damu litatsekedwa mu 1974, ndi yaitali makilomita pafupifupi 250. Mayi wapakati amene zinthu zamuvuta usiku sangayende mtunda wotere pa ngalawa ya nkhafi. Boti la odwala lothamanga likufunika, ndipo ndikupempha kuti boma liike nkhaniyi patsogolo. Mantha anga ali pa tsiku logulalo.

Ogulitsa akadzabwera adzakuonetsani zithunzi za maboti othamanga ngati mphepo, madzi akuuluka kumbuyo ngati mchira wa tambala. Ambiri mwa maboti otere amayendera chipangizo chotchedwa surface drive. Chodziwika kwambiri ndi chimene adapanga Howard Arneson wa ku California, chomwe masiku ano chimapangidwa ndi kampani ya Twin Disc. Shafiti yake imatulukira kumbuyo kwa boti, ndipo pulopela, imene kuno ena timati hélice, imazungulira theka lili m'madzi, theka lili pamwamba. Popeza pansi pa boti sipakhala zitsulo zambiri zokokana ndi madzi, liwiro limakwera. Sindikunyoza ayi, ndi luso lenileni, ndipo pa boti lopepuka loyenda makilomita oposa 55 pa ola limagwira ntchito yokoma.

Koma taonani zimene chitsulocho chimapirira. Tsamba lililonse la pulopela limamenya madzi, n'kutuluka, n'kumenyanso. Ngati pulopela ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi, tsamba limodzi lamenya madzi ka 120,000 pa ola limodzi. Kumenya konseko kumakankhira shafiti cham'mbali ndi cham'mwamba, ndipo kumathera pa mabeyaring'i ndi pa mfundo yopingasa imene imalola chipangizochi kukhota. Aliyense amene adathyolapo waya poupinda uku ndi uku akudziwa mmene chitsulo chimatopera. Nyanja ikakhala ndi mafunde, boti limadumpha, pulopela imazungulira mumpweya injini n'kukuwa, kenaka imagwera m'madzi mwadzidzidzi. Pa Cahora Bassa mphepo ikauka, zimenezi zimachitika ulendo wonse.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, choncho ndiloleni ndifotokoze pang'onopang'ono. Ife timakonda kufunsa kuti injini ndi ya akavalo angati. Koma malire a chipangizochi amayezedwa ndi mphamvu yopotokola shafiti. Injini ya petulo ya akavalo 400 yozungulira ka 5,000 pa mphindi imapotokola ndi mphamvu ya 570 Nm (Nm ndiye muyeso wa mphamvu yopotokolayi). Injini ya dizilo ya akavalo 400 omwewo, yozungulira ka 3,000, imafika pa 950 Nm. Pa ya diziloyo mukaikapo giyabokosi yochepetsa liwiro ya 1.5:1, kutanthauza kuti injini ikazungulira katatu shafiti izungulira kawiri, shafiti ikulandira pafupifupi 1,430 Nm. Akavalo ndi omwewo papepala, koma katundu amene chitsulo chasenza wachuluka kuposa kawiri. Komanso opanga amasiyanitsa malire a boti losangalalira, loyenda maola ochepa pa chaka, ndi malire a boti la ntchito ya tsiku ndi tsiku. Boti la odwala ndi la ntchito, ndipo liyenera kuyezedwa ndi malire otsikawo.

Ndidaziona ndi maso anga. Bwana wina amene ankanyamula alendo odzawedza nsomba adachotsa injini ya boti lake n'kuikamo ya dizilo yaikulu, chipangizo chakumbuyo n'kusiya chomwecho. Ndidamuchenjeza, koma adati liwiro lakwera, vuto lili pati. Lidayendadi bwino kwa miyezi ingapo. Tsiku lina madzulo cha ku Chicoa padamveka phokoso limodzi lokha, khoo, boti n'kuima. Adawakoka ndi asodzi a kapenta. Nditamasula m'mawa mwake, oyilo adatuluka woyera ngati mkaka chifukwa labala wotsekera madzi adali atang'ambika, mfundo yopingasa idali itathyoka, ndipo timisomali ta beyaring'i tidagwera m'dzanja langa ngati mpunga woswekasweka. Zitsulo zatsopano zidayitanitsidwa kunja, boti lidakhala pamtunda miyezi itatu. Amenewo adali alendo athanzi, okhala ndi madzi akumwa ndi foni. Usiku umenewo ndidagona ndikuganiza kuti mukadakhala mzamba ndi mayi wotaya magazi zikadatha bwanji.

Nyanja yathu ili ndi zakezake. Pansi pake pali mitengo imene idamira, ndipo madzi atatsika ndi chilala cha 2024 zitsa zambiri zidaonekera. Pali maukonde, pali mvuu, ndipo cha ku Zumbo, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, mchenga umasuntha chaka ndi chaka. Chingwe cha ukonde chikakulungika pa shafiti chimadya labala, madzi n'kulowa. Chinanso, chipangizochi chimavutika kudzutsa boti lolemera, ndipo sichimvera bwino pobwerera m'mbuyo. Boti la odwala silikhala lopepuka: muli machira, mzamba, abale awiri kapena atatu, ndi migolo ya mafuta a ulendo wobwerera. Pokocheza padooko lopanda mlatho, anthu amalowa m'madzi kudzanyamula wodwala, pulopela yakuthwa ili poyera kumbuyo.

Pempho langa ndi ili, a Bwanamkubwa. Wogulitsa aliyense alembe papepala malire a mphamvu yopotokola ya chipangizo chake pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndi mphamvu imene injini ndi giyabokosi zidzapereke, ndipo pakati pa manambala awiriwo patsale mpata. Boti liyesedwe pa nyanja yathu ino, litadzaza katundu, tsiku la mphepo. Zitsulo zosinthira zibwere pamodzi ndi botilo. Ine maganizo anga, kuli bwino boti la injini ziwiri zopachika kumbuyo, zimene anyamata a ku Songo, tauni ya pafupi ndi damu, amazidziwa kale kukonza. Likhoza kuchedwa ndi maola awiri pa ulendo wa ku Zumbo, koma injini imodzi ikafa inayo imafikitsa wodwala kumtunda.

Ndipo podzakambirana za kugula, muitaneko mmodzi wa ife okonza maboti ndi mmodzi wa oyendetsa amene amadziwa pamene pali zitsa. Mfundo yopingasa ija idathyoka ndidaisunga m'chitini kumalo anga a ntchito. Mukadzatuma munthu kunyanja kuno, ndidzamupatsa kuti mudzaione.

Ine wanu modzichepetsa,
Makaniko wa maboti, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa