Ana a Fomu 4 agwire zida mayeso asanafike

A Mkonzi,

Teremu yachitatu ndi imene a Fomu 4 amalemba MSCE, koma m'masukulu ambiri a CDSS nthawi imathera kuloweza manotsi. Mavuto amaonekera pa pulakitiko ya Chemistry. Mwana amene sanagwirepo burette, chubu chagalasi chokhala ndi milingo choyezera asidi, amaiwala kuitsuka ndi asidi amene akufuna kuthiramo; timadzi totsalira timachepetsa mphamvu ya asidiyo, ndiye masamu onse amalakwika. Ena amawerenga mulingo diso lili pamwamba m'malo moliika molingana ndi kunsi kwa meniscus, kupindika kumene kumaoneka pamwamba pa asidi m'chubumo. Indicator, mankhwala amene amasintha mtundu asidi akakwana, nayenso ana amangomukhuthula, pomwe madontho awiri kapena atatu ndi okwanira.

Aphunzitsi aakulu, pemphani sukulu yoyandikana nanu imene ili ndi labu kuti ana azikayeserera Loweruka mwezi wa Meyi usanathe.

Mphunzitsi wa sayansi,
Zomba