Bambo anga akukana kuyenda, ndiwatani?

Zikomo aphungu,

Ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Turffontein kuno ku Joni, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Nkhani yanga ndi ya bambo anga ondibereka, ali ndi zaka 69. Kwathu ndi ku Ntcheu koma iwowa akhalitsa kuno akugwira ya gadeni ku Randburg mpaka matenda anawasiyitsa, nde pano tikukhalira limodzi m'kanyumba ka lendi ndi ana anga.

Zinayamba ndi dzanja lamanja, linkangonjenjemera akakhala phee koma akagwira kapu kapena fosholo linkasiya, tonse tinkangoti ndi ukalamba basi. Kenako mayendedwe anasintha, timasitepe tating'onoting'ono mapazi akukhwekhwereza pansi, msana kuwerama, mawu kutsika mpaka kumachita kuwafunsa kawiri, nkhope nayo kuuma moti ana ankandifunsa kuti agogo akwiya chani pomwe sanakwiye. Ku chipatala cha Helen Joseph ndi komwe anatiuza kuti ndi Parkinson's. Adokotala anafotokoza kuti mu ubongo muli timaselo topanga dopamine amene amathandiza kuti thupi liziyenda mofewa, nde timaseloto tikufa pang'onopang'ono. Anati matendawa sapatsirana komanso sachizika, koma mapiritsi a levodopa amachepetsa kuuma ndi kunjenjemera. Zoonadi akamwa pamakhala kusintha ndithu.

Koma mayi wa fiziyo ananenetsa kuti mapiritsi okha sakwanira. Anati aziyenda tsiku lililonse, aziponya mwendo patali dala, azidzuka pampando ndikukhalanso mobwereza, azitambasula manja ndikutembenuza thupi, chifukwa munthu wamkulu akangokhala minofu imafota msanga nde kugwa kumachuluka, komanso kuyendako kumathandiza kudzimbidwa komwe kumawazunza kwambiri. Anatiphunzitsanso kuti mapazi akakakamira pansi osawakoka ayi, koma kuwawerengera wani, thu, wani, thu kapena kuyimba nyimbo. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga, tikayimba nyimbo ya mu sumu mwendo umanyamuka.

Vuto ndi loti bambo akukana. Anagwapo pakhomo mapazi atawakakamira, nde mantha anawalowa. Koma chomwe chinawapweteka kwenikweni ndi tsiku lomwe anapita ku spaza, kaokala ka m'dera lathu, anyamata ena nkumawaseka kuti madala aledzera m'mawa uno. Aphungu, bambo anga anali mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo chibadwire. Kuchokera pomwepo olo pageti safika. Nthawi yozizira ya June ndi July nde anangodziphimba bulangete tsiku lonse. Ndikati bambo tiyeni tiwongoleko miyendo amangoti "iwe mwana ndisiye, wandiona ngati khanda?" Nde ine kuwakakamiza munthu wondibereka ndimaona ngati mwano, kuwasiyanso ndikuona thupi likupita.

Chikundisowetsa tulo ndi maganizo awo. Munthu amene ankakonda bawo ndi kumvera mpira wa Bullets pa foni pano palibe chomwe chimawasangalatsa, anzawo akaimba sayankha, nsima amangoinyomola pang'ono. Usiku ndimawamva akulira chamumtima. Anandiuzapo kuti "mwana wanga ndasanduka katundu, bola Mulungu angonditenga." Mawu amenewo sakundichoka m'mutu ndipo ndikamapita kuntchito mtima umakhala uli m'mwamba. Ndinamva kuti depression, nthenda ya kukhumudwa kwambiri, imayendera limodzi ndi Parkinson's chifukwa cha kusintha komweko kwa mu ubongo, osati kuti munthu ndi wofooka kapena chikhulupiriro chachepa, koma kuchipatala akafunsidwa amangoti ndili bwino adokotala, ine nkumaopa kuwatsutsa pamaso pa anthu.

Kumudzi nako ayamba kundipanikiza. Azakhali ndi achimwene anga akuti zimenezi ndi za anthu, wina anawaponda chifukwa cha nyumba ya malata yomwe anamanga, nde ndiwakweze basi akaonane ndi asing'anga. Ine zolodzedwazo sindikuzivomera, ndaona ndekha mmene mapiritsi akugwirira. Komanso adokotala anachenjeza kuti levodopa samusiya mwadzidzidzi, ndi zoopsa, ndipo amafunika kumwa pa nthawi yake. Kumudzi ndani aziwayang'anira zimenezo? Kuchoka kwathu kukafika pa boma ndi patali, kukafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre nde ndalama zinanso. Ulendo wa basi wokha, Beitbridge, Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Dedza, munthu woti kukhala pampando nthawi yaitali thupi limauma. Ndimaopanso chifukwa tonse tikudziwa zomwe zimachitikira okalamba kwathu, munthu wonjenjemera wosayankhula bwino sachedwa kumunena kuti ndi mfiti.

Komabe mbali inayi bambo eni ake akufuna kupita. Amati kumudzi kuli bwalo, kuli dimba, kuli anzawo a msinkhu wawo, pomwe kuno amatsala okha m'chipinda ine ndikapita kuntchito ana kusukulu. Mwina kumeneko angamayende mwa okha osachita kuuzidwa, ndipo ndimadzifunsa ngati kuwasunga kuno sikukuwonjezera chisoni chawocho.

Nde aphungu ndithandizeni. Kodi munthu wamkulu ngati ameneyu ndimulimbikitse bwanji masewero olimbitsa thupi popanda kumuchotsa ulemu? Nanga za mawu ofuna kufa aja, ndikawauze adokotala kumbali iwo osadziwa, kapena ndiyambe ndakambirana nawo kaye? Ndipo abale kumudzi ndiwayankhe zotani kuti tisadane, poti achimwene anena kale kuti chikachitika china kuno mlandu ukhala wanga.

Ine mwana wawo wachiwiri,
Turffontein, Johannesburg