Chonde lekani kusindikiza zithunzi za odzipha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mtsikana wa ku Japan amene anamwalira kalekale, chifukwa zomwe zinatsatira imfa yake ndayamba kuziona kwathu kuno.

Dzina lake loimbira linali Yukiko Okada, koma omukonda ankangoti Yukko. Anabadwa mu 1967 n'kukulira mumzinda wa Nagoya. Mu 1983 anapambana mpikisano wa pa kanema wotchedwa Star Tanjō!, kampani ya Sun Music n'kumutenga, ndipo nyimbo yake yoyamba inatuluka mu Epulo 1984 ali ndi zaka 16. Chakacho chisanathe anali atalandira kale mphoto ya woimba watsopano woposa onse ku Japan Record Awards. Kumayambiriro kwa 1986 nyimbo yake ina, imene anaipeka katswiri wa nyimbo Ryuichi Sakamoto, mawu ake n'kulemba woimba wotchuka Seiko Matsuda, inafika pa nambala wani pa Oricon, mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Japan. Zonsezi ankazichita akadali pa sukulu ya sekondale.

Pa 8 Epulo 1986 anadzipha ku Tokyo, ali ndi zaka 18. Zaka ziwiri za kuimba kwake zinali zisanakwane n'komwe.

Momwe anachitira sindilemba, ndipo ndachita dala. Atolankhani a kumeneko ndiwo anayala zonse pabwalo. Zithunzi za thupi lake zinatuluka m'manyuzipepala ndi m'magazini, pa kanema nkhani n'kukhala yomweyo tsiku ndi tsiku, aliyense akufukula zifukwa zake za m'mutu. M'masabata otsatira achinyamata ambiri anadzipha, ena mwa njira yomweyo ndithu. Mliriwo anaupatsa dzina loti Yukko Syndrome, ndipo unakambidwa mpaka m'nyumba ya malamulo.

Ine ndine mphunzitsi. Mnyamata wina wa m'dera lathu atadzichotsera moyo, chithunzi chake chinafika pa WhatsApp thupi lisanachoke n'komwe pamalopo. Pasiwa ndinaona atsikana anayi a Fomu 2 ataunjikana kuseri kwa khitchini, mitu pamodzi, akukuza chithunzicho ndi zala pa foni imodzi yosweka galasi. Mayi a mnyamatayo anali kulira m'nyumba momwemo. Mawa lake tsamba lina la nkhani pa intaneti linalemba zonse: chimene anagwiritsa ntchito, malo ake, ngongole yake. M'munsimo anthu ankaseka, amvekere mwamuna salira. Mlungu wonsewo m'kalasi mwanga munali zii, ndipo ndinkayang'ana nkhope za ana aja mtima uli m'mwamba, osadziwa amene nkhaniyo yamulowa kwambiri.

Bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo kwa atolankhani pa nkhaniyi kuyambira mu 2000: osafotokoza njira, osaonetsa zithunzi za malemu kapena za malowo, osaika nkhaniyo pa tsamba loyamba ndi mutu wokokomeza, osanena ngati chifukwa chinali chimodzi chokha. Sindikuti muzibisa kuti anthu akudzipha, ayi. Lembani, tidziwe kukula kwa vutoli. Koma lipoti la apolisi likafika pa desiki yanu, dulani mzere wofotokoza njira uja. Pamalo pakepo ikanipo komwe munthu wolemedwa mumtima angakapeze womumvetsera, kaya kuchipatala cha boma cha m'dera lake, kaya kwa alangizi. Ana athu amawerenga nkhani zanu pa mafoni a makolo awo, usiku, ali okha.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Zomba