Kuthokoza a ku kiliniki ya shuga pa chipatala cha boma cha Mulanje

Kwa Mkulu wa Chipatala,
Chipatala cha Boma cha Mulanje.

Olemekezeka,

Ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza inuyo ndi anthu anu amene amationa ife odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mayina sinditchula poopa kuiwalapo wina n'kumukhumudwitsa, koma eni ake akudzidziwa: adokotala, anamwino amene amatibaya chala, ndi achimwene aja amene amasonkhanitsa mabuku athu a kuchipatala n'kumaitana mayina mmodzimmodzi.

Ndine bambo wa zaka 61, ndimakhala cha ku Limbuli, ndipo ndinapuma pa ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi. Shuga anandipeza naye zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe, usiku n'kumadzuka kasanu kukataya madzi, thupi n'kutha mpaka anthu anayamba kunong'onezana ndikamadutsa pamsika. Munandiyambitsa metformin, thupi linabwerera, ndipo manong'onong'o aja anatha.

Apa ndiye mpamene ndinapusira. Nditaona kuti ndili bwinobwino, ndinayamba kuwerengera ndalama ya minibasi, kupita ndi kubwerera, mwezi ndi mwezi. Ndinati mankhwala ndikuwadziwa dzina, ndizingogula ku famase, nanga ndikakhalirenji pa benchi m'mawa wonse ndi njala? Ndinajomba miyezi isanu. Amene anandibweza ndi mayi a kunyumba, ndipo sanachite kunyengerera ayi. Anangotenga buku langa n'kuliika pamwamba pa nsapato zanga usiku, m'mawa n'kundiuza kuti phala kulibe mpaka ndikabwere kuchipatala.

Tsiku limenelo ndinkayembekezera kukalipiridwa. Anamwino anangoyang'ana deti lomaliza m'buku, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Bambo, tinakusowani." Manyazi amene ndinamva anaposa a kukalipiridwa. Atandibaya chala, shuga sanali woipa kwenikweni, moti mumtima ndinayamba kale kudzitama. Kenaka anandimanga lamba uja pamkono. Makina atalira, iwo sananene kanthu. Anandiuza kuti nditsamire mpando, mapazi onse pansi, ndisayankhule, ndipume kaye mphindi zisanu. Anayezanso, n'kusinthira mkono winawo. M'buku analemba 172/104, n'kuzunguliza nambalayo ndi cholembera chofiira. Buku limenelo ndikadali nalo, ngakhale linadzaza kalekale.

Ine ndinati, "Koma mayi, mutu sukundipweteka, chizungulire ndilibe." Anayankha kuti bipi nthawi zambiri siimveka m'thupi, n'chifukwa chake amayeza aliyense wa shuga nthawi iliyonse akabwera, kaya wadandaula kaya sanadandaule. Anati ikamapezeka mobwerezabwereza pa 140/90 kapena kuposa apo ndiye kuti yakwera, ndipo yangayo inali itapitirira patali.

Adokotala ndi amene ananditsegula m'maso. Kunena zoona, zaka zonsezo ndinkaganiza kuti shuga ndi nkhani ya tiyi ndi zotsekemera basi, ndipo choopsa chake n'kudulidwa mwendo kapena kuchita khungu. Za mtima sindinkaziika m'gulu limenelo. Iwo anandifunsa ngati ndinaonapo paipi ya madzi ochokera m'phiri itachita dzimbiri m'kati. Anati shuga akakhala wokwera zaka zambiri amakanda m'kati mwa mitsempha ya magazi, mafuta n'kumakakamira pokandikapo, njira n'kumachepa. Ndiye bipi ili ngati kutsegulira madzi amphamvu m'paipi yoteroyo. Ikatsekeka ya kumtima, mtima umavulala. Ikatsekeka kapena kuphulika ya ku ubongo, ndiye sitiroko ija imapha munthu ziwalo mbali imodzi. Anandiuza kuti munthu wa shuga ali pachiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi amene alibe shuga, ndiponso kuti ambiri a ife chimene chimatitenga ndi chimenechi.

Kenaka anafunsa funso limene sindinaliyembekezere: "Mukamakwera chitunda, pachifuwa pamamveka bwanji?" Ndinaseka, n'kunena kuti ndi chilungulira chabe, ndimamwera soda. Iwo sanaseke nawo. Anafunsitsa ngati chimabwera ndikadya kapena ndikayenda, ngati chimaleka ndikaima, ngati ndimabanika kapena kutuluka thukuta. Nditaganiza bwino ndinaona kuti chimabwera ndikamakankha njinga pokwera kuchokera kudimba, ndipo ndikapuma pang'ono chimatha. Anandifotokozera kuti shuga amaononganso minyewa yomvera ululu, moti wa shuga akhoza kudwala mtima osamva kupweteka kwenikweni kumene ena amamva. Amangoona kutopa, befu, nseru kapena ngati chilungulira. Anandilembera kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akandiyeze mtima ndi makina aja amamata timawaya pachifuwa. Kumeneko anapeza kuti mtima wanga wakhala ukugwira ntchito mopanikizika kwa nthawi yaitali, koma zinali zisanafike poipa. Anandionjezera mankhwala n'kundibwezera kwa inu kuti muzindiona.

Chimene ndikuthokoza kwambiri n'chakuti funso limenelo linafunsidwa pa tsiku wamba, mzere uli wautali panja, kwa munthu amene anabwera akuyenda yekha ndiponso akudzitama. Ku famase palibe akanandifunsa za chitunda. Ndikanangopereka ndalama n'kulandira mapilitsi anga.

Kubwera mwezi ndi mwezi kunandithandizanso pa kanthu kena. Mankhwala oyamba a bipi amene munandipatsa anali enalapril, amene munati amatetezanso impso za munthu wa shuga. Patapita masabata angapo ndinayamba kutsokomola chifuwa chouma chosatha, makamaka usiku. Kunyumba tinayamba kuganizira za TB, ndipo mnzanga wina anali atandipezera kale mizu yoti ndiwiritse. Nditanena kukiliniki, adokotala anandimvetsera m'chifuwa, anafunsa mafunso awo, n'kunena kuti mankhwala amenewa amatsokomoletsa anthu ena. Anandisinthira ena ndipo chifuwa chinaleka. Ndikanakhala kuti sindibwera, ndikanawataya mankhwalawo mwakachetechete, bipi n'kukweranso ine osadziwa.

Ndithokozenso chifukwa choitana mayi a kunyumba. Anamwino anati kulangiza ine ndekha za chakudya n'kutaya nthawi, poti wogwira mthiko si ine. Anawaonetsa kasupuni ka tiyi n'kunena kuti mchere wa munthu mmodzi tsiku lonse usapitirire kamodzi kameneko, pafupifupi magalamu 5, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Kuyambira pamenepo kambale ka mchere kanachoka pamphasa, ndipo nsomba zouma za mchere amayamba aziviika m'madzi asanaphike. Nsima ndi ya mgaiwa, mitanda iwiri m'malo mwa inayi, masamba ambiri, nandolo kapena nyemba. Nanazi, amene kuno kwathu sasowa, ndimadya kachidutswa osati mutu wonse ngati kale. Chimene chinandivuta ndi tiyi wopanda shuga. Munthu amene ndakalambira pa esiteti, wozolowera masupuni atatu m'kapu, sabata yoyamba ndinkangomva ngati ndikumwa mankhwala a malungo. Pano ndazolowera, ndipo ndimauza anzanga kuti kukoma kwa tiyi wa ku Mulanje ndakudziwa nditakalamba. Fodya ndinasiya mwezi womwewo, ngakhale apo mpamene panali nkhondo yeniyeni. Kuyenda ndimayenda theka la ola masiku asanu pa sabata monga munanenera, m'mawa dzuwa lisanakwere, m'mbali mwa minda ya tiyi.

Sindinganene kuti tsiku la kiliniki ndi lokoma. Timadzuka kusanache, osalawa kanthu kuti shuga ayezedwe bwino, mbatata yootcha ili m'thumba kudikira kuti chala chibayidwe. Mwezi wa June, mphepo ya chiperoni ikamatsika m'phiri, benchi ija imazizira ngati mwala. Koma pa benchi pomwepo mpamene ndaphunzira zambiri. Anamwino amatiphunzitsa tisanayambe kulowa, ndipo amativulitsa nsapato kuti aone mapazi, chinthu chimene poyamba chinkandichititsa manyazi chifukwa cha ming'alu ya kuchidendene. Palinso agogo ena a cha ku Chonde amene amabwera ndi mdzukulu wawo atawagwira mkono, mbali imodzi yofooka ndi sitiroko. Iwowo akaona munthu watsopano akudandaula za mzere, amangomuonetsa dzanja lawo lopindikalo n'kunena kuti nawonso ankaona ngati mzerewu ndi wautali.

Ulendo wathawu bipi yanga inali 132/80. Anamwino aja anandionetsa nambalayo asanailembe, ndipo cholembera chofiira sichinatuluke m'thumba mwawo.

Chonde mundifikitsire mawu amenewa kwa onse a ku kiliniki, kuphatikizapo a ku labu ndi a pawindo la mankhwala amene amatibwerezera kamwedwe kake mosatopa, ngakhale kwa ife amene timaiwala mwezi uliwonse. Deti langa lotsatira lalembedwa kale m'buku. Ndibwera ndi mng'ono wanga, amene wayamba kudzuka kawirikawiri usiku koma akuumirira kuti ndi chifukwa cha kuzizira. Ndamuuza kale kuti asadye kanthu m'mawa umenewo, ndipo mbatata ndinyamula ziwiri.

Ine wanu wothokoza,
Bambo wodwala shuga wa ku Limbuli, Mulanje.