Kwa mwana wanga ali ku Joni, za agogo ake

Mwana wanga,

Landira moni kuchokera kuno ku Machinjiri. Tonse tili bwino, kupatula bondo lija limandivuta kukazizira. Ndalama unatumiza pa Mukuru zinafika, ndipo amalume ako agula kale simenti ndi matailosi a chiliza cha agogo ako. Zikomo kwambiri. Koma mawu ako oti "inu mungopanga zonse, ine sindibwera" sanandigoneke tulo, n'chifukwa chake ndati ndilembe, poti pafoni umakhala wothamanga.

Iwe unawadziwa agogo ako atakalamba kale, ali pakhonde ndi wailesi pamwendo. Chimene umakumbuka ndi jekete ya khaki ija ndi mamendulo omwe ankasunga m'kachitini ka tiyi. Mwezi wa Novembala ukayandikira, pamene dziko limakumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo, ankawatulutsa n'kumawakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka awale, kenaka n'kuwakulunganso m'kansalu. Iwe unkapempha kuti uwagwireko, iwo n'kumakuuza kuti uyambe wasamba m'manja.

Chaka chawo chobadwa sankachidziwa. Ankangoti amayi awo anawauza kuti nkhondo ya Chiwaya, yoyamba ija ya dziko lonse, inali itangotha kumene, ndiye tikawerenga kuchokera 1918, anatisiya atapitirira zaka 100. Nkhondo yachiwiri itabuka mu 1939, iwo anali mnyamata wa kumudzi kwathu kufupi ndi Lirangwe. Analembedwa usilikali wa KAR, gulu lankhondo la boma la atsamunda a ku Britain, anaphunzira mfuti ku Zomba, ndipo pambuyo pake anakwera sitima yapamadzi ku Mombasa kupita ku Ceylon, dziko lomwe lero likutchedwa Sri Lanka. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kulimbana ndi asilikali a Japan nthawi ya mvula yosakata. Za kuombana sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankanena za matope ofika m'mawondo, za malungo omwe anagwetsa anzawo ambiri, ndi za misundu yomwe inkalowa m'majombo, yoti kuichotsa kwake kunali kuiwotcha ndi ndudu. Basi, n'kusintha nkhani.

Kumaliro kuja anthu anayankhula zambiri za Burma, ndipo n'zoona, anali msilikali wolimba mtima. Koma amayi anga akamawatama amuna awo, Burma sankaitchula n'komwe. Ankatchula 1949.

Atabwera kunkhondo anakwatira, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa amayi. Tindalama tomwe anabwera nato anagulira njinga. Kenaka mvula inakanika, chimanga chinapsa chisanabereke, ndipo boma lathu lino la Blantyre ndi limodzi mwa madera omwe njala ija inasautsa koposa. Anthu anadya gaga, mizu yakutchire ndi zitsa za nthochi. Amuna ankanyamuka kukasuma ku Mwanza, ku Neno, ena mpaka ku Ntcheu komwe kunali chakudya. Mwana wanga, ambiri mwa amuna amenewo sanabwerere. Sikuti onse anafera m'njira ayi. Ena atafika kumene kunali nsima anangokwatira komweko, poti kuno anali akamwini chabe, munda si wawo, ana ndi a mbumba ya eni. M'mudzi mwathu munali amayi angapo omwe mpaka kukalamba ankadziwika kuti anathawidwa chaka cha njala.

Agogo ako nawonso anapita. Ankagwira ganyu kumapiri kuja, akapeza thumba la chimanga kapena makaka n'kumanga panjinga. Pokwera mtunda ankaikankha, miyendo itatupa. Amayi ankati akafika ankatsitsa thumba pakhomo pa apongozi awo, osati pakhomo pawo, kuti agawe ndi iwo. Akagona masiku ochepa, n'kubwereranso. Achimwene anga oyamba kubadwa, amalume ako aakulu aja, anali khanda nthawi imeneyo, ndipo anapulumuka. Ine ndinabadwa patapita zaka, m'nyumba yomwe bambo anali asanaithawe.

Zotsatira zake ukuzidziwa. Anaona Chitaganya, anaona mavuto a 1959, anaona ufulu mu 1964, koma moyo wawo unali khasu, nkhokwe ndi tchalitchi. Mizere ankaikoka ndi chingwe kuti iwongoke ngati asilikali ali paperete, ndipo tikalima mokhota ankatibweza. Anzawo ambiri anakwera za Wenela kupita kumigodi. Iwo ankati ulendo wautali anayenda kale umodzi, wakwana. Amayi atadwala zaka zawo zomaliza, ndi iwo ankawaphikira phala, anthu akuseka kuti msilikali wagwira mthiko.

Tsono ndikamaona za iwe mtima umandiwawa. Sindikukudzudzula kuti unapita ku Joni. Ntchito kuno ikusowa, katundu akukwera tsiku ndi tsiku, ndipo kupita kwako ndi kusuma komwe. Ndikudziwanso kuti kumeneko simukhala mwamtendere, timamva pawailesi zomwe alendo amakumana nazo. Koma wosuma amabwera nalo yekha thumba. Iwe ukutumiza ndalama, nkhope yako osaoneka. Mpongozi wanga ndimamupeza mumsika wa Ndirande atakhala pa tomato wake kuyambira m'mawa, ndipo sadandaula, koma ndikamufunsa kuti mwalankhulana liti amayang'ana pansi. Mwana wako wamng'ono uja amakudziwa pachithunzi cha pa WhatsApp chokha. Wamkulu akulemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino, ndipo wayamba kuyankha amayi ake mwamwano, zomwe sakanachita iwe ulipo. Anthu ayamba kukutchula mtchona, ine mayi ako ndikumva ndi makutu angawa.

Palinso mphekesera zina zomwe zandifika, zoti kumeneko sukukhala wekha. Sindizikhulupirira mpaka ndimve kwa iwe mwini, maso ndi maso. Ngati zili zoona, usaope kubwera chifukwa cha zimenezo. Ankhoswe alipo mbali zonse ziwiri, amalume ako ali moyo, nkhani zotere zimakambidwa pamphasa.

Pempha tchuthi kwa abwana ako, ngakhale cha milungu iwiri. Mabasi odzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza akuyenda, ndipo ngati vuto ndi pasipoti, pita ku ofesi ya kazembe wathu ku Johannesburg komweko ukafunse msanga, usadikire mwezi womaliza. Mwambo wa chiliza tauika tikatha kukolola, tsiku lenileni amalume ako akuuza akagwirizana ndi amfumu. Ukamabwera usavutike ndi katundu wambiri. Koma usanayankhe ine, Lamulungu lino uwaimbire mayi a ana ako, mulankhulane mofatsa, ndipo upemphe kuti akupatse mwana wamkuluyo pafoni.

Ndine mayi ako.